Kulumikiza makakyuleta awiri a TI popanda nthambo

Makakyuleta ambiri ojambula magirafu a kampani ya Texas Instruments (TI), kuyambira TI-85 ya 1992 kudzafika pa TI-83 Plus ya 1999 ndi TI-84 Plus ya 2004, ali ndi kabowo ka mamilimita 2.5 kolowetsapo nthambo, ndipo kudzera pa kabowo kameneka makakyuleta awiri amapatsirana mapulogalamu, mindandanda ya manambala ndi zithunzi. Nthambo yake ndi yaifupi kwambiri, moti anthu awiri ofuna kugawana pulogalamu amayenera kukhala pa tebulo limodzi mitu itagundana. Ntchito imene ndikufotokoza pano ndi yochotsa nthamboyo ndi kuika kawailesi kotumiza ndi kulandira uthenga m'malo mwake, kuti kakyuleta ili kuchipinda itumize zinthu kwa inzake ili pakhonde. Kampaniyo inagulitsapo zida zake za m'kalasi zotchedwa TI-Navigator, zolumikiza makakyuleta kudzera pa wailesi, ndipo HP 48 ya kampani ina inkabwera kale komwe ndi kuwala kwa infrared kotumizira uthenga, koma ife tikufuna chinthu chopanga tokha ndi zipangizo zotsika mtengo.

Musanagule chilichonse, yang'anani kakyuleta yanu. TI-84 Plus CE, imene inatuluka mu 2015, ilibe kabowo kameneka ndipo ili ndi USB yokha, choncho zimene zili m'munsimu siziikhudza.

Mmene kakyuleta imalankhulira

Anthu ambiri amalakwitsa poyambirira penipeni, chifukwa amaganiza kuti ntchito yonse ndi kutenga magetsi ali pa waya wa mbali ino ndi kuwaonetsa pa waya wa mbali inayo. Kuti muone chifukwa chake zimenezi sizitheka, muyenera kudziwa zimene zimachitika m'nthambomo.

Pulagi ya nthamboyi ili ndi zigawo zitatu: nsonga, mphete yapakati, ndi tsinde. Mukasenda nthambo ya kampaniyo mumapeza waya wofiira wopita ku nsonga, waya woyera wopita ku mphete, ndi waya wamkuwa wosakutidwa wopita ku tsinde, umene ndi GND, kutanthauza waya wa 0V. Makakyuleta akakhala chete, wofiira ndi woyera onse amakhala ndi magetsi, chifukwa m'kati mwa kakyuleta muli ma resistor amene amawakokera m'mwamba. Palibe mbali imene imakankhira magetsi mu waya. Chimene kakyuleta imachita ndi kugwetsera waya pa GND kapena kumusiya kuti abwerere yekha m'mwamba.

Bit iliyonse, kutanthauza 0 kapena 1 mmodzi wa uthenga, imayenda ngati njerwa imene mmisiri ali pamwamba pa khoma akulandira kwa womuthandiza, amene sataya manja mpaka ataona kuti mnzakeyo wagwira. Pofuna kutumiza 0, wotumiza amagwetsa waya wofiira. Wolandira akaona zimenezo amavomera pogwetsa woyera. Wotumiza akaona kuti woyera wagwa amasiya wofiira, ndipo wolandira akaona kuti wofiira wakwera amasiya woyera. Potumiza 1 zonse zimatembenuka: wotumiza amagwetsa woyera, wolandira amavomera ndi wofiira. Ma bit 8 amapanga byte imodzi, ndipo imayamba kutuluka ndi bit yaing'ono kwambiri. Palibe wotchi imene imalamula liwiro, aliyense amadikira mnzake.

Tsopano taganizirani mutayesa kuonetsa mawayawa pa wailesi monga alili. Vuto loyamba ndi lakuti waya aliyense amagwetsedwa ndi mbali zonse ziwiri, ndiye chipangizo chanu chikagwetsa waya potsatira uthenga wa kutali, chokha chomwecho chimaona waya wagwa ndipo chimabweza uthenga wakuti wagwa, mapeto ake mawaya onse amakakamira pansi osadzukanso. Vuto lachiwiri ndi nthawi. Bit imodzi imafuna maulendo 4 a uthenga, ndipo ngakhale titati ulendo uliwonse utenge gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, byte imodzi ingatenge magawo 32, kutanthauza ma byte pafupifupi 31 pa sekondi. Pulogalamu ya ma byte 5,000 ingafune mphindi zoposa ziwiri ndi theka, ndipo uthenga umodzi wokha ukasochera m'mlengalenga zonse zimaima.

Njira yoyenera ndi yakuti kuvomerana kwa bit ndi bit kuzithera pomwepo pa waya waufupi. Kakyuleta iliyonse ikhale ndi kakompyuta kake kamene kamadzionetsa ngati kakyuleta inzake, kamalandira ma bit, kamawasonkhanitsa kukhala ma byte, ndipo ma byte okhawo ndiwo amakwera wailesi. Mbali inayo kakompyuta kachiwiri kamawatsitsa ndi kuwapereka kwa kakyuleta yake mwa mwambo womwewo wa kugwetsa ndi kuvomera. Makakyuleta awiriwo sadziwa kuti pakati pawo palibe nthambo.

Zipangizo

Chilichonse chigulidwe chiwirichiwiri. Pa kakompyuta ndimasankha Arduino Nano kapena Uno, zimene zili ndi ATmega328P yothamanga pa 16 MHz ndipo zimagwira ntchito pa 5V. Musanalumikize, yezani ndi multimeter (chida choyezera magetsi) magetsi a pakati pa nsonga ndi tsinde kakyuleta ili yoyaka, kuti mudziwe mphamvu imene ikutuluka. Ngati mwasankha bolodi ya 3.3V ngati ESP32 pamene kakyuleta ikutulutsa 5V, pakati pake pafunika level shifter ya mbali ziwiri, kachipangizo kosintha 5V kukhala 3.3V ndi 3.3V kukhala 5V, apo ayi mapini a bolodiyo adzapsa pang'onopang'ono.

Pa wailesi ndimasankha nRF24L01+ ya kampani ya Nordic Semiconductor ya ku Norway. Imayenda pa 2.4 GHz, imanyamula ma byte osapitirira 32 ulendo umodzi, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti imadzifufuzira yokha ngati uthenga wafika bwino, n'kuubwereza mpaka maulendo 15 ngati mnzake sanavomere. HC-12, imene imayenda pa 433 MHz, imafika kutali ndipo ndi yosavuta kulumikiza, koma siibwereza uthenga wotayika, ndiye ntchito imeneyo imagwera inu. Timawailesi totchipa kwambiri ta 433 MHz, tija timagulitsidwa kotumiza padera kolandira padera, musatayirepo ndalama, chifukwa timayenda mbali imodzi yokha ndipo timatola phokoso lililonse.

Mufunikanso ma capacitor awiri a 10 µF, ma resistor anayi a 220 ohm, timabolodi tiwiri totsitsa magetsi kufika pa 3.3V ta mtundu wa AMS1117, chowotcherera ndi mtovu wake, komanso nthambo imodzi ya kakyuleta imene mulibe nayo chisoni, chifukwa muidula pakati kuti mupeze mapulagi awiri. Pano ndikulangizani kuti mudule nthambo yeniyeni ya kakyuleta. Kabowo ka kakyuleta kanalowa m'kati mwa pulasitiki, ndipo mapulagi wamba a 2.5 mm ambiri ali ndi khosi lonenepa limene limagunda pakhomo pulagi isanafike pansi. Pulagi yotere imaoneka ngati yalowa, koma nsonga yake imakhudza malo a mphete. Ngati ndi yokhayo imene muli nayo, pepulani pulasitiki wa pakhosipo ndi lezala mpaka imveke kuti yakhazikika.

Kulumikiza mawaya

Musanadule nthambo, yesani kaye ngati makakyuleta awiriwo akutumizirana bwino pa iyo. Mukaidula ndi kuisenda, musakhulupirire mitundu ya mawaya musanaiyeze. Ikani multimeter pamalo pamene imalira mawaya akakhudzana, gwirizitsani mbali imodzi ku nsonga ya pulagi, ndipo fufuzani waya amene akuliza. Chitani chimodzimodzi ndi mphete ndi tsinde. Mukasinthanitsa nsonga ndi mphete mbali imodzi yokha, 0 aliyense amasanduka 1, ndipo kakyuleta yolandira imangokana zonse popanda kukuuzani chifukwa.

Waya wa nsonga apite ku pini 2 ya Arduino kudzera mu resistor ya 220 ohm, wa mphete apite ku pini 3 kudzeranso mu resistor, ndipo wa tsinde apite ku GND. Ma resistor amenewa ndi otchinjiriza tsiku limene pulogalamu yanu idzalakwitsa n'kukankhira magetsi mu waya pamene kakyuleta ikumugwetsa. Wailesi imalumikizidwa motere: MOSI ku pini 11, MISO ku pini 12, SCK ku pini 13, CE ku pini 9, CSN ku pini 10. Mapini a wailesi amenewa amapirira 5V, koma pini ya VCC, yolowera magetsi oyendetsa wailesi, siipirira, malire ake ndi 3.6V, ndipo mukaipatsa 5V wailesiyo yatha. Ipatseni magetsi ochokera pa AMS1117 osati pa pini ya 3.3V ya Nano, imene pa mabolodi ambiri otsika mtengo ndi yofooka, ndipo wotchererani capacitor pa VCC ndi GND pa wailesi penipenipo, miyendo yake ikhale yaifupi. Wailesi ikamatumiza imakoka magetsi modzidzimutsa, ndipo popanda capacitor imagwira ntchito lero n'kukana mawa, zimene zimapangitsa munthu kukayikira pulogalamu yake pachabe.

Kabowo ka kakyuleta sikapereka magetsi oyendetsera zonsezi, choncho mbali iliyonse ikhale ndi batire yake. Power bank imathandiza, ngakhale ena amadzizimitsa okha akaona kuti chinthu cholumikizidwa chikukoka magetsi ochepa.

Pulogalamu ya pa waya

Yambani ndi mbali ya waya yokha, wailesi muiiwale kaye. Pogwetsa waya, pini ikhale OUTPUT ndipo ikhale LOW. Posiya waya, pini ibwerere kukhala INPUT. Musalembe HIGH pa pini imene ili OUTPUT, ngakhale kamodzi, chifukwa kutero ndi kulimbana ndi kakyuleta.

Polandira, pulogalamu idikire mpaka waya mmodzi atagwa. Ngati ndi wa nsonga, ilembe 0, igwetse wa mphete, idikire wa nsonga akwere, ndiyeno isiye wa mphete. Ngati ndi wa mphete, ilembe 1 ndipo ichite zomwezo motembenuza. Potumiza, iyambe yatsimikiza kuti mawaya onse ali m'mwamba, igwetse woyenera, idikire kuvomera, isiye, idikirenso kuti wovomerayo asiye. Kudikira kulikonse kukhale ndi malire a nthawi, ndipo malirewo akakwana pulogalamu isiye mawaya onse n'kuyambiranso, kupanda kutero kakyuleta ikazimitsidwa pakati pa byte Arduino imakhala ikudikira mpaka batire kutha. Amene sakufuna kulemba zimenezi yekha angagwiritse ntchito laibulale ya ArTICL ya Christopher Mitchell, pulogalamu yolembedwa kale imene inapangidwira kulumikiza Arduino ndi makakyuleta a TI, koma mizere yofunika pa ntchitoyi ndi yochepa moti ine ndimaona kuti kuilemba wekha kumathandiza kwambiri pa nthawi yofufuza zolakwika.

Yesani gawo limeneli posindikiza byte iliyonse pa kompyuta. Pa kakyuleta dinani 2nd ndi LINK, sankhani nambala imodzi monga A, ndipo musankhe TRANSMIT. Ma byte amene adzaoneke ndiwo phukusi loyamba, ndipo maphukusi onse amamangidwa mofanana: byte yoyamba imanena mtundu wa makina, yachiwiri ndi lamulo, ziwiri zotsatira ndi kutalika kwa katundu, kenako, ngati katundu alipo, katunduyo ndi ma byte awiri a chiwonkhetso cha katundu yense. Lamulo 0x06 limalengeza chinthu chimene chikubwera, 0x56 ndi kuvomera, 0x09 ndi kulola kuti katundu abwere, 0x15 ndi katunduyo, 0x5A ndi kudandaula kuti chiwonkhetso sichinagwirizane, ndipo 0x92 ndi kutsanzika. Popeza palibe amene akuyankha, kakyuleta idzadikira pang'ono n'kulemba kuti kutumiza kwalephera, koma ngati mwaona ma byte omveka pa kompyuta, mbali ya waya yatheka.

Chipangizo chanu sichiyenera kumvetsa maphukusiwa kapena kuwerengera chiwonkhetso, chifukwa makakyuleta amachita okha. Chofunika kuzindikira ndi chakuti zokambirana zake ndi zolandizana: wotumiza alengeza, wolandira avomera ndi kulola, wotumiza avomera ndi kupereka katundu, wolandira avomeranso. Ambiri mwa maphukusi amenewa ndi a ma byte 4 okha.

Pulogalamu ya pa wailesi

Laibulale ya RF24 ndiyo imayendetsa nRF24L01+ pa Arduino. Sankhani liwiro la 250 kbps, limene ndi lochepa pa atatu amene wailesiyi ili nawo koma limafika kutali ndipo likuposa kale liwiro la kabowo ka kakyuleta. Yatsani enableDynamicPayloads kuti maphukusi a pa wailesi azisiyana kutalika, ikani kubwereza pa 15, ndipo mbali ziwirizo muzipatse nthawi yosiyana pang'ono yodikira zisanabwereze, kuti zikagundana kamodzi zisamangogundanabe. Adiresi imene mbali ino imalemberako ikhale imene mbali inayo imamvetserako. Tchanelo chilichonse ndi 1 MHz kuwonjezera pa 2400 MHz, ndipo ngakhale wailesiyi imafika pa tchanelo 125, musapyole 83, chifukwa gawo limene zida zazing'ono ngati izi zimaloledwa limathera pa 2483.5 MHz. Malamulo a mafunde amasiyana dziko ndi dziko, ku America amawayang'anira a FCC ndipo ku Malawi ndi a MACRA. Wi-Fi imakhalanso m'gawo lomweli, ndiye ngati uthenga ukutayika kawirikawiri pafupi ndi rauta, sinthani tchanelo.

Mbali zonse zizikhala zikumvetsera. Mbali imene yalandira ma byte kuchokera ku kakyuleta isiye kumvetsera, itumize, ndipo ibwerere kukamvetsera nthawi yomweyo. Pa ma byte 32 aja, yoyamba ikhale nambala yowerengera maphukusi ndipo 31 otsalawo akhale katundu. Nambalayi ndi yofunika chifukwa nthawi zina phukusi limafika bwino koma kuvomera kwake n'kumene kumasochera, ndiye pulogalamu yotumiza imalitumizanso, ndipo wolandira akaona nambala imene waiona kale ayenera kulitaya.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa chipangizo chogwira ntchito ndi chongoyaka magetsi, ndipo choyamba chinandidyera madzulo awiri athunthu. Ndinalemba pulogalamu yodikira kuti ma byte akwane 31 isanatumize. Ndinaika kakyuleta imodzi pa RECEIVE, inalemba Waiting, ndinadina TRANSMIT pa inayo, ndipo patapita kanthawi inalemba Error in Xmit, kutanthauza kuti kutumiza kwalephera. Ndinasintha wailesi, ndinawotchereranso mawaya onse, ndinafika pokayikira mabatire atsopano. Chimene chinkachitika n'chakuti phukusi lolengeza lija silifika ma byte 31, choncho linkangokhala mu Arduino kudikira anzake amene sakanabwera, pamene kakyuleta inkadikira yankho la phukusi limene silinachoke n'komwe. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: ngati muli ndi byte ngakhale imodzi ndipo mawaya akhala chete kwa magawo pafupifupi 5 mwa magawo 1,000 a sekondi, tumizani zimene zilipo.

Chachiwiri ndi kusefukira. ATmega328P ili ndi malo a ma byte 2,048 okha, pamene mndandanda wa manambala pa TI-83 Plus umatha kukhala ndi manambala 999, iliyonse ya ma byte 9, zimene zikuyandikira ma byte 9,000. Simungasunge katundu yense musanatumize, ndipo simuyeneranso kutero. Pangani nkhokwe yaing'ono ya ma byte 128 kapena 256 mbali iliyonse, ndipo gwiritsani ntchito khalidwe lija la kakyuleta lodikira mnzake. Nkhokwe ikadzaza, Arduino ingochedwa kuvomera bit yotsatira, ndipo kakyuleta idzaima waya ali chigwetsere mpaka malo atapezeka. Mbali yolandira nayo isatenge phukusi latsopano mu wailesi ngati nkhokwe yake ilibe malo. Wailesiyi imasunga maphukusi 3 okha, ndipo akakwana imasiya kuvomera, kutumiza kumalephera mbali inayo, mbali inayo imayesanso ikuchedwetsa kakyuleta yake, motero mabuleki amafika kwa wotumiza popanda inu kulemba uthenga wapadera. Kuchedwetsaku kuli ndi malire, chifukwa kakyuleta imataya mtima pakapita masekondi ochepa, koma pa wailesi yabwino kudikira kwake sikufika n'komwe pa sekondi imodzi. Pa chifukwa chomwechi, mukamaliza kufufuza zolakwika chotsani mizere yosindikiza pa kompyuta, popeza imachedwetsa zinthu kwambiri.

Mawu amodzi okhudza mayeso: College Board, imene imayendetsa mayeso a SAT ndi AP ku America, siilola zida zotha kulumikizana popanda waya m'chipinda cholembera, ndipo mabungwe ena a mayeso nawonso amaletsa zoterezi. N'chifukwa chake ndimakonda kuti chipangizochi chikhale bokosi lapadera lolowetsa pa kabowo, osati chobisa m'kati mwa kakyuleta, kuti tsiku la mayeso muzingochizula kakyuleta n'kukhala monga inagulidwira.

Kuyesa

Yesani mwa masitepe, ndipo musadumphe. Choyamba onetsetsani kuti makakyuleta awiriwo amatumizirana bwino pa nthambo wamba, ndipo zimenezi muchite musanaidule nthambo ija. Chachiwiri, yesani mawailesi okha popanda kakyuleta, mbali imodzi izitumiza nambala yokwera ndipo inayo iziisindikiza. Mawailesi asagundane, atalikirane mita imodzi kapena iwiri, ndipo mphamvu yotumizira ikhale yotsika, chifukwa akayandikana kwambiri pa mphamvu yonse wolandira amagontha.

Zikatheka zimenezi, lumikizani zonse. Sungani 7 mu A pa kakyuleta yoyamba ndi 0 mu A pa yachiwiri, ikani yachiwiri pa RECEIVE, ndipo tumizani. Ngati yolandira yakufunsani ngati mukufuna kulemba pamwamba pa A yakale, sankhani Overwrite, ndipo funso limenelo palokha ndi umboni wakuti phukusi lolengeza lawoloka. Nambala imodzi ikadutsa, jambulani girafu iliyonse, isungeni ngati Pic1 ndipo muitumize, chifukwa chithunzi chili ndi ma byte oposa 750 ndipo chimafuna maphukusi a pa wailesi oposa 20 otsatizana. Kulephera pa sitepe imeneyi kawirikawiri kumaloza ku capacitor kapena ku nambala yowerengera maphukusi.

Mayeso enieni a nkhokwe ndi mndandanda waukulu. Lembani seq(X,X,1,500) ndi kusunga zotsatira mu L1, zimene zimapanga ma byte 4,502, kuposa kawiri malo onse a Arduino. Tumizani, ndipo pa kakyuleta yolandira funsani sum ya L1, imene iyenera kukhala 125250. Ikatuluka nambala imeneyi, nyamulani kakyuleta imodzi ndi bokosi lake mupite nayo chipinda china, mubwereze, kenako muwonjezere khoma lina pakati. Makoma a njerwa ndi denga la malata zimafupikitsa mtunda kwambiri, ndipo pamene padzayambire Error in Xmit ndi pamene muyenera kukweza mphamvu yotumizira kufika pa mapeto. Ngati zimenezonso sizikukwanira, pali mtundu wa nRF24L01+ wokhala ndi PA ndi LNA (zokulitsa mphamvu ya uthenga potumiza ndi polandira) ndi mlongoti wopotokola, umene umalowa pa mapini omwewo ndi pulogalamu yomweyo, koma umakoka magetsi oposa 100 mA potumiza, choncho mbali zonse ziwiri zifunika capacitor yokulirapo, ya 100 µF, ndi batire imene singagwe mphamvu pakati pa mndandanda.